Mfuti Yakale ya Malume: Mmene Ndinaizindikirira ndi Kuichotsa Dzimbiri

Malume anga atamwalira kumudzi kwathu, kumtunda kwa Liwonde m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ntchito yolongosola katundu wawo inagwera ine, popeza ndine mwana wamwamuna woyamba wa mlongo wawo. M'sutikesi yachitsulo, pansi pa makadi a kutchalitchi ndi malisiti akale a feteleza, ndinapezamo mapepala a laisensi ya mfuti, ndipo nditafunsa amayi za mfutiyo, iwo anangoloza kudenga kwa nyumba yakale imene inali itasanduka khitchini. Inali yokulungidwa m'chiguduli, yomangiriridwa ku mtanda wa denga ndi linya, ndipo inali itakhala pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri, kuyambira pamene malume anafa ziwalo nasiya kulondera nguluwe ndi mvuu kudimba. M'zaka zimenezo denga linkadontha dzinja lililonse, utsi wa nkhuni unkadutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, ndipo chigudulicho chinkasunga chinyontho m'malo moteteza chitsulo. Pamudzi ponse mfutiyo inkadziwika ndi dzina limodzi lokha, "ya ku Burma", chifukwa tonse tinakula tikumva kuti agogo, amene anali msilikali wa King's African Rifles, anabwera nayo kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Nditamasula chigudulicho mtima unandipweteka. Chitsulo chonse chinali chofiira ngati khasu logonera kumunda, thabwa linali lakuda bii ndi mwaye wosakanikirana ndi oyilo wa galimoto amene malume ankapaka, ndipo kukamwa kwa mpope kunali kotsekeka ndi dothi louma limene mavu aja omanga zisa zamatope anamatamo. Chinthu chimodzi chokha ndinachita mwanzeru tsiku limenelo, chomwe ndi kuiona mfutiyo ngati yodzaza, kuilozetsa ku chulu cha kuseri kwa nyumba ndi kuthamangitsa ana onse amene anali atayamba kuunjikana. Chitsulo chokoka chija chimene chimatsekera chipolopolo ngati mpiringidzo wa chitseko, chimene asilikali amachitcha bolt, chinali chitagwirana ndi dzimbiri osasuntha ngakhale pang'ono. Magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, ndi yokhayo imene inatuluka nditakankha kachitsulo kamene kali kutsogolo kwa chokhethemulira, ndipo m'kati mwake munali zipolopolo ziwiri zitachita nguwi yobiriwira. Aliyense wopeza mfuti yakale ayenera kuyambira pamenepa, chifukwa onga sakalamba monga momwe munthu angaganizire, ndipo chipolopolo cha zaka makumi asanu chikhoza kuphulika bwinobwino.

Cholakwa changa chinachitika usiku womwewo. Ntchito yanga ndi yokonza injini za zigayo, ndipo kwa ife amakaniko dzimbiri ndi chinthu chimene timachithamangira ndi sandipepala, bulashi yawaya kapena giraindala popanda kufunsa munthu. Ndinkafuna kupeza nambala ya mfutiyo kuti ndiifanizire ndi yolembedwa pa laisensi ndisanapite kupolisi, ndipo nditaona ngati pali zilembo pa lamba wachitsulo amene ali kuseri kwa chokhethemulira, pamene dzanja lamanja limagwira, ndinatenga sandipepala wokhakhala n'kuyamba kupala. Pasanathe mphindi zitatu chitsulo chinayera mbuu, koma pamodzi ndi dzimbiri ndinali nditafafaniza theka la chisoti chachifumu chimene chinadindidwa pamenepo, komanso nambala yomaliza ya chaka, moti panangotsala 191 ndi kamzere kosawerengeka. Chopweteka kwambiri n'chakuti nambala imene ndinkafunayo sinali pamenepo n'komwe, inali kutsogolo, kumanja kwa thupi la mfuti pamene mpope umalowera.

Tinapita nayo kupolisi m'mawa mwake, ine ndi msuweni wanga, titanyamula laisensi ya malemu, kalata ya amfumu ndi zipolopolo ziwiri zija m'kabotolo kapadera. Laisensi ya mfuti si cholowa ngati njinga kapena mbuzi, imatha ndi mwini wake, ndipo wosunga mfuti popanda chilolezo chakechake amakhala akuphwanya lamulo ngakhale mfutiyo ili ya bambo ake omubereka. Wapolisi amene anatilandira anayang'ana malo owala aja kwa nthawi yaitali, kenako anandiuza mwaulemu koma mosapsatira kuti ndikanapala pa nambala yeniyeniyo, nkhani yathu ikanakhala ina, chifukwa mfuti yofufutidwa nambala imaoneka ngati yakuba. Anadonthezera oyilo mu bolt, naiguguda pang'onopang'ono ndi chipika mpaka inatseguka, ndipo titaona kuti mulibe chipolopolo china ndi kuti nambala ikugwirizana ndi ya pa pepala, mfutiyo inatsala m'manja mwawo. Ine ndinalemba mafomu opempha laisensi m'dzina langa, ndipo panapita miyezi ingapo ndisanaitengenso.

M'miyezi yodikirayo ndi momwe ndinadziwana ndi bambo wina wachikulire wa ku Zomba, amene anapuma usilikali atagwira ntchito yokonza mfuti kwa zaka zambiri. Tsiku limene ndinawaonetsa mfutiyo sanakhudze chida chilichonse kupatula kansanza konyowetsedwa ndi palafini, kachidutswa ka choko ndi magalasi awo. Anati kwa ine, "Mwana wanga, mfuti ya boma imalankhula yokha, koma inu mwayamba ndi kuidula lilime." Kenako anandiphunzitsa kuizindikira ndi maonekedwe, ndisanawerenge chilembo n'chimodzi chomwe. Mfuti ya Lee-Enfield, ya asilikali a ku Britain, imene thabwa lake limafika mpaka kukamwa kwa mpope, n'kuthera pa chipewa chachitsulo chophwatalala ngati mphuno ya nkhumba, ndipo choyang'anira chake chakumbuyo chili pakati pa mpope, imeneyo ndi SMLE (Short Magazine Lee-Enfield), imene kuyambira 1926 inkatchedwanso No. 1 Mk III. Inzake ya nthawi ya nkhondo yachiwiri, No. 4, mpope wake umatulukira kutsogolo kwa thabwa ndipo choyang'anira chake ndi kabowo kamene kali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi diso. Anandichenjezanso za mtundu wachitatu wofanana kwambiri ndi SMLE, wopangidwa ku Ishapore m'dziko la India m'zaka za m'ma 1960, wotchedwa 2A kapena 2A1, umene magazini yake ndi ya makona ndipo umadya zipolopolo za 7.62 osati za .303. Munthu wosakaniza mitundu iwiriyi akhoza kugula zipolopolo zolakwika.

Atapukuta lamba uja ndi palafini, anapakapo choko n'kupukutanso ndi chala, ndipo fumbi loyera linatsalira m'zilembo zokhazokha, moti zimene ine ndinkaziona ngati mikwingwirima zinayamba kuwerengeka. Pansi pa chisoti chodukacho panali G.R., kutanthauza mfumu George yachisanu ya ku Britain, kenako B.S.A. Co., kenako chaka changa cholumala chija, ndipo pansi pake Sht L.E. ndi III yokhala ndi kanyenyezi pambali, kutanthauza kuti yathu inali SMLE ya mtundu wa Mk III wa kanyenyezi. B.S.A. ndi kampani ya Birmingham Small Arms, yomwe ija imene agogo athu ankaidziwa chifukwa cha njinga zake, ndipo inali imodzi mwa mafakitale opanga mfuti zimenezi pamodzi ndi fakitale ya boma ya ku Enfield, kampani ya London Small Arms, fakitale ya ku Lithgow ku Australia ndi ya ku Ishapore. Kanyenyeziko ndi kamene kanachepetsa kukula kwa cholakwa changa. Mtundu wa Mk III unayamba mu 1907, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika povuta, opanga anachotsa tizinthu tina tochedwetsa ntchito, monga kachitsulo kotsekera magazini ndi zoyang'anira za m'mbali zowombera kutali kwambiri, ndipo mtundu wophwekawo, umene unavomerezedwa kumayambiriro kwa 1916, ndi umene unapatsidwa kanyenyezi. Choncho ngakhale popanda nambala yomaliza ija, mfutiyo inali ya zaka zomaliza za nkhondo yoyamba. Achikulirewo ananyamula kathabwa ka pamwamba kamene kali kumbuyo kwa choyang'anira, kamene kamangogwira ndi timapanda ta sipuling'i, ndipo pa tsinde la mpope, pamalo amene dzimbiri silinafike kwambiri, panali 17, kutanthauza chaka cha 1917. Mpopewo unali ndi nambala yofanana ndi ya thupi, kusonyeza kuti zinatuluka limodzi m'fakitale.

Nkhani ya manambala ofananawa si ya kukongola chabe. Nambala ya mfuti ya mtundu umenewu imapezeka pa thupi, pa mpope, kuseri kwa chogwirira cha bolt, kunsi kwa choyang'anira ndi pa chipewa cha kutsogolo chija, ndipo yofunika koposa ndi ya pa bolt. Lee-Enfield imatsekera kumbuyo, pa mano awiri amene amakhala pa mapewa a m'thupi la mfuti, ndipo bolt iliyonse inkagwirizanitsidwa ndi mfuti yakeyake kuti mano onse awiri azisenza mphamvu mofanana. Bolt yobwereka kwa mfuti ina ikhoza kulowa ndi kutseka bwinobwino pamene dzino limodzi lokha ndi limene likusenza katundu yense. Yathu inali ndi bolt yake, ngakhale chipewa cha kutsogolo chinali cha mfuti ina, chinthu chimene anati sichidetsa nkhawa. Anafufuzanso mosamala zilembo ziwiri, DP, pa thupi, pa mpope ndi pa thabwa. Mfuti yodindidwa zilembo zimenezi inali yolephera mayeso, yosungidwira kuphunzitsa asilikali kuguba ndi kugwira mfuti basi, ndipo siyenera kuwombedwa ngakhale ikuwala bwanji. Tinapuma mtima pansi titapeza kuti palibe.

Zilembo zimene zinandisowetsa tulo zinali zing'onozing'ono kuposa zonsezi. Pa mfuti ya boma la Britain pamakhala kamuvi kooneka ngati phazi la nkhuku, chizindikiro chakuti ndi katundu wa boma, ndipo timiviti tinalipo tambiri pa tizitsulo tosiyanasiyana. Koma pamwamba pa thupi panali timivi tiwiri toyang'anizana nsonga ndi nsonga, chimene ndi chidindo chakuti mfutiyo inachotsedwa m'kaundula wa asilikali n'kugulitsidwa. Pa mpope panalinso chisoti chaching'ono chokhala ndi BNP pansi pake, chomwe ndi chidindo cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, ndi mzere wakuti .303, 2.222 ndi 18.5 TONS. Achikulirewo anandifotokozera kuti ku Britain mfuti iliyonse yogulitsidwa kwa anthu wamba imayenera kuyesedwa kaye ku nyumba yoyesera mfuti, ku London kapena ku Birmingham, ndi chipolopolo champhamvu kuposa chamasiku onse, ndipo kalembedwe kameneka ka BNP pamodzi ndi matani kanayamba pakati pa zaka za m'ma 1950. Nambala ya 2.222 ndi utali wa khoko la chipolopolo cha .303 m'mainchi. Tanthauzo lake linali losathawika: mfutiyi inali ku Birmingham zaka pafupifupi khumi agogo atabwerera kale kumudzi. N'zoona kuti asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'gulu la 11th East African Division limene linadutsa chigwa cha Kabaw mpaka ku mtsinje wa Chindwin m'nyengo ya mvula, ndipo agogo anali m'gulu la anthu amenewo, koma msilikali sankaloledwa kupita ndi mfuti kwawo pochoka usilikali. Ndinaganiza zoyamba ndakonza mfutiyo ndisanawauze amayi.

Pomasula mfuti imeneyi pali msampha umodzi umene wathyola mathabwa ambiri, ndipo ine ndikanagwamo chifukwa maganizo a makaniko amati yamba ndi bawuti yaikulu. Thabwa la paphewa limagwidwa ndi bawuti yaitali yolowera m'kati mwake, koma nsonga ya bawutiyo ndi ya makona anayi ndipo imakhala m'kachitsulo kamene kali kumapeto kwa thabwa la pansi pa mpope. Wopotokola bawutiyo thabwa lakutsogolo lisanachoke amaling'amba pakati. Ndondomeko yake ndi kuchotsa bolt ndi magazini, kenako chipewa cha kutsogolo, lamba wapakati, mathabwa apamwamba, chitsulo chozungulira chokhethemulira, kasikuluwu kobisika ka pansi kokhala ndi sipuling'i, kenako kutsitsa thabwa lakutsogolo molunjika popanda kulikanula kuchokera kunsonga, ndipo thabwa la paphewa limabwera pomaliza. Pomanganso, la paphewa ndi limene limayamba. Masikuluwu onse ndinawanyowetsa ndi palafini wosakaniza ndi oyilo wopepuka kwa sabata yathunthu, m'mawa ndi madzulo, ndipo ndinanola masikuludiraiva atatu akale kuti lililonse lidzaze mpata wa sikuluwu yake ndendende. Masikuluwu amenewa mano ake ndi achilendo, simungawapeze m'sitolo ya hadiweya, choncho yowonongeka mutu ndi yotayika. Imodzi ya pa chipewa inandivuta masiku khumi ndi awiri, ndipo inamasuka nditaigogoda pang'ono ndi kahamala kudzera pa sikuludiraiva tsiku lililonse. Ndinajambula chithunzi pa foni ndisanachotse chilichonse, ndipo zithunzizo zinandipulumutsa pobwezeretsa loko wa kumanzere uja woletsa mfuti kulira, amene amalowa m'njira zingapo koma yolondola ndi imodzi. Mpope sindinayese kuumasula pa thupi, chifukwa imeneyo si ntchito ya pakhonde.

Njira yochotsera dzimbiri imene ndinaphunzitsidwa inandidabwitsa, chifukwa inali yosemphana ndi zonse zimene ndimachita kuchigayo. Utoto wakuda wa pa mfuti si penti wamba, ndi dzimbiri lomwelo la mtundu wina, lakuda ndi lolimba, limene opanga amalipanga dala kuti liteteze chitsulo. Viniga, asidi wa batire ndi mankhwala ambiri ochotsera dzimbiri sasankha, amadya lofiira ndi lakuda lomwe n'kusiya chitsulo chotuwa ngati cha ndowa. Ndinayamba ndi kuchotsa zikhakha zazikulu pogwiritsa ntchito kachidutswa ka paipi yamkuwa kamene ndinakaphwanya nsonga, popeza mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo cha mfuti ndipo sukanda. Kenako ndinatsuka oyilo yense ndi madzi otentha a sopo, ndinawotcherera chomwera chachitali mita imodzi kuchokera ku lata la mgolo, ndinachidzaza ndi madzi amvula amene ndinatunga m'thanki, ndipo ndinawiritsa mpope pamodzi ndi thupi lake kwa mphindi makumi anayi pa mbaula ziwiri za makala. Tizitsulo ting'onoting'ono tinawira patokha m'poto wakale. Chitsulocho chimatuluka chotentha kwambiri moti chimadziumitsa chokha, ndipo dzimbiri lofiira lija limakhala litasanduka fumbi lakuda ngati mwaye wa pansi pa mphika. Fumbi limenelo ndinalipukuta ndi sitiliwulo wosalala kwambiri, wolembedwa 0000, osati uja wokwechera mapoto, ndipo pansi pake panatuluka chitsulo chakuda chooneka bwino, zilembo zonse zili zakuthwa. Ndinabwereza katatu, kenako ndinanyika zonse mu oyilo usiku ndi usana wathunthu. Mabowo ang'onoang'ono amene dzimbiri linakumba pansi pa thabwa anatsala, ndipo ndinawasiya, chifukwa kuwafafaniza ndi kuchepetsa chitsulo. Malo amene ndinapala aja okha ndi amene anakana kuda, chifukwa panalibenso dzimbiri loti lisanduke.

M'kati mwa mpope ndi momwe muli moyo wa mfuti, ndipo ndi momwe munanditengera nthawi yambiri. Dothi la mavu linali litalowa pafupifupi utali wa chala, ndipo ndinalifewetsa ndi madzi n'kulikankha kuchokera kumbuyo ndi kandodo ka mkuwa, osati waya wachitsulo kapena nsungwi imene ikhoza kuthyokera m'kati. Pambuyo pake ndinadutsitsa kabulashi ka mkuwa konyowetsedwa ndi palafini kambirimbiri, nthawi zonse kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo kuti ndisadye kukamwa kwa mpope, ndipo tinsanza toyamba tinkatuluka tofiira ngati dothi la katondo. Patapita masiku asanu tinayamba kutuluka totuwa. Nditayang'ana kudzera m'mpopemo molozetsa ku khoma loyera, ndinaona mizere isanu yopotokera kumanzere, imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika, ili yooneka bwino ngakhale pakati pake panali pakuda ndi pokhakhala. Achikulire aja anati kuda kumeneku sikunachokere kudenga kokha. Zipolopolo zakale za asilikali zinali ndi kapisozi woyatsira onga wosiya mchere m'mpope, mcherewo umakoka chinyontho, ndipo oyilo sausungunula, n'chifukwa chake asilikali ankathira madzi owira m'mpope kudzera m'fanulo akatha kuwombera. Malume ankangothira oyilo pamwamba pa mcherewo. Kenako anatenga chipolopolo chatsopano n'kulowetsa nsonga yake kukamwa kwa mpope, ndipo chinaima patatsala kampata ndithu kuti khoko ligunde chitsulo. Chikanamira chonse, ikanakhala mfuti yongopachika pakhoma.

Thabwa linandipatsa ntchito yosangalatsa kuposa chitsulo. Oyilo wa galimoto amafewetsa mtengo ngati chinangwa chovunda, makamaka kumapeto kwa thabwa lakutsogolo kumene kumalandira kugunda kwa mfuti, choncho ndinalikulunga m'manyuzipepala ndi pulasitiki wakuda n'kuliika padzuwa la mu Okutobala, ndipo madzulo aliwonse ndinkapeza mapepala atanyowa ndi oyilo wotuluka m'thabwamo. Ndinachita zimenezi kwa masabata awiri, ndikupukuta ndi kansanza ka tapentaini, mpaka mtundu wofiirira wa mtengo wa walnut unayamba kuoneka. Malo ophwanyika pang'ono ndinawadzutsa poika nsalu yonyowa pamwamba n'kusindikiza ndi simbi ya makala, koma ndinapewa malo onse okhala ndi zidindo, chifukwa nthunzi imadzutsanso zilembo n'kuzifafaniza. Timabowo ta tizilombo tofumbwa mtengo ndinatithira mankhwala ndi jakisoni, ndipo mng'alu umodzi wa kumbuyo ndinaumata ndi guluu wosakaniza wa machubu awiri. Anzanga ena ankandiumiriza kuti ndipake vanishi kuti iziwala ngati kabati, koma mfuti zimenezi zinkapakidwa mafuta a linseed basi, ndipo ndi amene ndinagula kuhadiweya, n'kumapaka madontho ochepa ndi chikhatho mpaka dzanja litenthe, kamodzi patsiku kwa sabata, kenako kamodzi pasabata. Nsanza za mafuta amenewa zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa pamodzi, choncho ndinkaziyanika pabwalo motambasula. Kumapeto kwa thabwa la paphewa kuli chitsulo chamkuwa chokhala ndi kachitseko, ndipo nditakakanula ndinapezamo kabotolo kamkuwa ka oyilo ndi chingwe chotsukira mpope chitafumbwa, chitakulungidwa mwaluso lomwe malume analibe.

Mfuti itamangidwanso inkaoneka bwino moti msuweni wanga ankafuna kuti tikaiyese tsiku lomwelo, koma kuwala kwa kunja sikunena kanthu za chitetezo. Ndinabwerera nayo ku Zomba, kumene achikulire aja anayang'ana mano a bolt ndi mapewa ake ndi galasi lokuzira kufunafuna ming'alu, anaona ngati loko akugwira, ndiponso anaikhoka yopanda kanthu n'kugunditsa thabwa la paphewa pansi kuti aone ngati ingakhethemuke yokha. Pomaliza anatulutsa m'kachitini tizitsulo tiwiri toyezera mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi tsinde la mpope, pamene mkombero wa chipolopolo umakhala. Bolt iyenera kutseka pa kachitsulo ka mainchi 0.064, koma isatseke pa ka 0.074, chifukwa mpata ukakula kuposa pamenepo khoko limatanuka n'kuduka, ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso kwa wowombera. Yathu inatseka pa koyamba, ndipo pa kachiwiri chogwirira chinaima chisanafike pansi. Kuwombera koyamba tinakuchita pamalo ovomerezeka, apolisi akudziwa, mfuti itamangiriridwa pa tayala lakale ndi kupsinjidwa ndi matumba a mchenga, ife tili kuseri kwa chulu ndi chingwe chachitali. Pambuyo pa kulira kulikonse ankatola khoko n'kulizunguza m'zala, kufufuza chotupa, mng'alu, kapena mzere wowala pafupi ndi tsinde. Makoko atatu atatuluka abwino, ndinaloledwa kuigwira paphewa. Imalemera pafupifupi makilogalamu anayi ndipo imakankha ndithu, koma zipolopolo zisanu pa mtunda wa mamita 50 zinagwera pamalo osaposa mbale ya ndiwo, mabowo ake ali ozungulira bwino, kusonyeza kuti mizere ija ikugwirabe ntchito. Sizipolopolo zoti munthu apambane nazo mpikisano, koma kwa mpope wa 1917 wogona m'khitchini zinandikwanira.

Masiku ano imakhala m'kabati yachitsulo yokiyidwa ndi yomangiriridwa kukhoma, yopanda chiguduli kapena nsalu iliyonse, bolt ndi zipolopolo zili kwina, ndipo dzinja ndimaiona sabata iliyonse chifukwa chinyontho cha kuchigwa chimadzutsa dzimbiri pa zidindo za zala zokha. Laisensi ndimaikonzanso nthawi yake isanathe.

Amayi ndinawauza pa Khirisimasi, titakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, mfuti ili pamiyendo panga yopanda bolt. Ndinazungulira kwambiri, kufotokoza za timivi ndi za Birmingham, ndikuopa kuti ndikuwalanda chinthu cha bambo awo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka n'kunena kuti, "Iwe, ndani anakuuza kuti anabwera nayo? Ku Burma anabwerako ndi chikhoti, bulangete ndi malungo." Malinga ndi iwo, agogo anagula mfutiyo iwo ali kale mtsikana wotha kusinja, nthawi imene ankagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ya fodya, kwa mzungu amene ankabwerera kwawo dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu. Panali mfuti ziwiri zogulitsa, ina yatsopano yosakira nyama ndi iyi, ndipo agogo anasankha yakaleyi chifukwa inali yofanana ndi imene ananyamula kunkhondo, moti ankatha kuimasula ndi kuimanga mumdima. Anawo akamva bambo awo akuti iyi ndi ya ku Burma, anangotenga mawuwo monga momwe anamvekera, ndipo ife adzukulu tinawonjezerapo sitima ndi ulendo. Amayi anatenga kabotolo kamkuwa kaja, anakatsegula n'kukanunkhiza, ndipo anati Loweruka lililonse madzulo agogo ankakhala pakhonde ndi ketulo ya madzi owira, ndipo mwana aliyense woyandikira ankatumidwa kukatola nkhuni. Kenako analoza malo otuwa aja pa lamba wachitsulo n'kufunsa chimene chinachitika pamenepo, ndipo ndinawauza kuti ndinali ine.